Tsiku Limene Mkazi Wanga Anandilumikiza Kumagetsi

Pali zinthu zina zimene munthu umati udzapita nazo kumanda, koma za Loweruka lija n'zosabisika, poti theka la Zomba linazimva ndi makutu awo. Ena amati phokoso lake linafika mpaka kumsika ngakhale kuti ife tinali pamwamba pa phiri. Amenewo akukokomeza, koma osati kwambiri. Ndiye ndati ndifotokoze ndekha, anthu asanapitirize kuthira nsinjiro pa nkhani imene inapsa kale.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo lenileni. Ine gitala sindidziwa kuimba, ndipo sindinadziwepo chibadwire. Ndili mnyamata, kale nthawi ya chipani chimodzi, ndinkakonda kuzungulirazungulira pa bandi ina ya kuno ku Zomba, imene mtsogoleri wake anali mnzanga a Makwinja. Chida changa m'bandimo chinali cholembera. Dzanja langa limalemba bwino (pa ichi chokha sindikunama, mafayilo a ku ofesi kwathu angandichitire umboni), choncho ndinkalemba mapositala oitanira anthu kudansi, ndipo anzanga ankanditchula kuti Mlembi. Tsiku lina bandi inapita kukajambulitsa, wojambula n'kunena kuti munthu woima manja lende amaipitsa chithunzi. Anandikoleka gitala m'khosi. Ndinaigwira mphindi ziwiri zokha, koma pachithunzipo ndinatuluka ngati mwini bandi.

Chithunzi chimenecho ndinayenda nacho m'thumba pofunsira mbeta. Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nkhope yanga sinali yoti n'kuimitsa mtsikana panjira. Mtsikanayo, amene lero ndi amake Tadala, anachiyang'anitsitsa n'kundifunsa ngati ndimaimbadi. Ndinati pang'onopang'ono. Mwezi usanathe, pang'onopang'ono uja anali atakula, moti ndinali nditaimbapo kale ku Blantyre ndi ku Liwonde, anthu n'kumakana kupita kwawo. Titakwatirana ndinasowa pothawira, mpaka tsiku lina ndinagwa panjinga potsetsereka ku Mtiya, n'kubinya mkono wamanzere. Mkonowo unapola sabata imodzi. Koma kunyumba unakhala wodwala zaka khumi ndi zinayi.

Amake Tadala ndi telala. Amasokera pakhonde pa nyumba yathu ku Mtiya komweko ndi makina amagetsi, ndipo chithunzi chija anachiika m'felemu pakhoma, pamalo poti aliyense wobwera kudzayesedwa diresi achione. Ndinkawamva ndili m'nyumba akuuza makasitomala kuti bambo a Tadala akanapanda kugwa panjinga bwenzi pano ali pawailesi. Ankanena monyadira, ine n'kumangokweza nyuzipepala kubisa nkhope. Zinthu zina ziwiri muzidziwiretu za mayi ameneyu. Amaimba kwaya kutchalitchi, ndiye khutu lawo silinamizidwa ndi nyimbo. Chachiwiri, salola kuti munthu wawo aponderezedwe iwo akuona, kaya wopondereza akhale ndani.

Kenako anabwera matipate. Amene munalipo mukukumbukira mmene tawuni inasinthira. Ana a ku yunivesite ya ku Chirunga anayamba kusunga tsitsi ngati tchire, atsikana n'kuvala mathalauza osayang'ana kumbuyo, ndipo madoda amene anapachika magitala kalekale anayamba kuwapukuta fumbi. Pa nthawi yomweyo anabwerera kumudzi Che Bwanali, katswiri wa gitala amene anakhala zaka zambiri kunja akuimba nyimbo zachizungu zija za roko. A Makwinja anaganiza zomulandira ndi chimkoke: oimba onse akale a ku Zomba ndi ku Blantyre akumane Loweruka masana pamwamba pa phiri, aimbire limodzi. Mapositala anandipatsa ine, monga kale.

Kulakwa kwanga kunali kulembera mapositalawo patebulo lakunyumba. Amake Tadala anaima kumbuyo kwanga, tepi ili m'khosi, n'kuwerenga mayina onse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anawerenganso kachiwiri. Atatero anandifunsa kuti langa lili pati. Ndinakumbutsa za mkono. Iwo anati mkono umene umanyamula njinga kuoloka nayo ngalande sungalephere nyimbo imodzi. Ndinati mndandanda anapanga ndi a Makwinja, ine ndangokopera. Anangoti chabwino, n'kubwerera ku makina awo, ndipo ine ndinaganiza kuti nkhani yatha.

M'mawa mwake a Makwinja anatulukira ku ofesi kwathu akupukuta misozi ya kuseka. Anati mlamu wawo, amake Tadala, wawaimitsa pakati pa msika, pafupi ndi ogulitsa matemba, n'kuwafunsa pamaso pa anthu ngati alibe manyazi kuiwala mnzawo amene anayamba naye bandi. A Makwinja ankadziwa bwino lomwe chimene ndinkaimba m'bandi yawo, koma anavomera kuti alakwitsa, n'kulonjeza kuti ndikwera pansanja.

Ndinatseka chitseko cha chipinda cha mafayilo, n'kuwauza kuti andiphera banja. Kunena zoona ndinali ndi mantha. Manyazi a pagulu sindinkawaopa kwenikweni, amenewo amatha. Ndinkaopa nkhope ya amake Tadala akadzadziwa kuti chinthu chimene ankanyadira zaka zonsezi chinali bodza.

"Mlembi, khazikani mtima pansi," anatero a Makwinja. "Kodi munawerengapo mabowo a ampu?"

Ampu ndi chibokosi chija chimene chimalandira zingwe za magitala n'kutumiza mawu ku masipika. Yawo, anandiuza, inali ndi mabowo asanu ndi limodzi. Koma pa nyimbo yomaliza, imene iwo ankaitcha nyimbo ya tonse, pansanja padzakhala magitala khumi ndi atatu. Pa nyimbo imeneyo aliyense amene anatchedwapo woimba amayenera kukwera, chifukwa woimba wakale ukamusiya pansi amakusungira mangawa mpaka kumanda. Ndiye amene asowa bowo amangotenga mapeto a chingwe chake n'kubisa kunsi kwa kapeti, kuseri kwa ampu. Amagwedeza mutu, amakwinya nkhope, amayendetsa zala, ndipo anthu amaomba m'manja. Anati umenewu ndi mwambo wakalekale, kungoti salengeza. Anawonjezanso kuti pa nyimbo ya tonse lamulo ndi limodzi: nyimbo siimitsidwa, ndipo amene akumveka pa nthawiyo ndiye mwini bwalo, ena onse amamutsatira.

Lamulo limenelo sindinalisamale, poti sindinkayembekezera kumveka. Ndinatuluka mu ofesi tsiku limenelo ndikuimba mluzu. Sabata yonse, nthawi ya nkhomaliro, ndinkadzitsekera pakati pa mashelefu n'kumayeserera ndi ambulera (mesenjala anandipezerera kamodzi, ndinamuuza kuti ndikuona ngati ikudontha). Kunyumba amake Tadala anandisokera malaya ofiira onyezimira, a kolala yaikulu ngati makutu a njovu, ndi nsalu yotsala pa madiresi a operekeza ukwati. Anaitananso amayi atatu a m'kwaya yawo kuti akaone okha zimene akhala akumva. Pondiyesa malayawo anandigwira paphewa n'kunena kuti zaka khumi ndi zinayi akhala akudikira tsiku limeneli. Apo mluzu uja unandithera.

Loweruka tinakwera phiri pa lole imene inanyamula masipika, amayi anayiwo atakhala pa mabokosi, ine nditaima ndi malaya anga ngati mbendera. Pa makona onse a msewu anthu ogulitsa masitirobere ankasiya malonda n'kumandiyang'ana. Pamwamba kunali kozizira monga mwa masiku onse, fungo la paini lili ponseponse. Nsanja anaikhoma ndi matabwa aawisi pabwalo la nyumba ina ya alendo, jenereta n'kuibisa kuseri kwa mitengo. Anthu anali ambiri ndithu: ana a ku Chirunga ndi tsitsi lawo, aphunzitsi awo, anzathu a m'maofesi a boma ndi mabanja awo, ndi azungu angapo atavala makabudula pa chisanu chonsecho.

Masana onse ndinakhala pansi ndi amake Tadala, ndipo ndinasangalala mpaka kuiwala za mlandu wanga. Madoda aja ankaimba, abale. Munthu wa imvi, amene Lolemba umamuona akudinda makalata mwaulemu, anali kulumpha ndi mimba yake ngati wa zaka makumi awiri. Che Bwanali ndiye anali nkhani ina. Kamdala kowonda, kachipewa kachikopa, gitala yoyera ya chingwe chofiira. Akagwira nsambo, ngakhale ana ankasiya kulira. Amake Tadala anandinong'oneza kuti ameneyu akutha, koma adikire aone anzake. Ndinayang'ana kumbali.

Dzuwa litapendeka, a Makwinja anaitana oimba onse kuti akwere. Anandipatsa gitala yakuda yolemera ngati mwana wa zaka ziwiri, ndipo iwo eni anatenga mapeto a chingwe changa n'kuwakankhira kunsi kwa kapeti. Tinalipo asanu ndi awiri a kunsi kwa kapeti. Mmodzi, woimba weniweni wa ku Blantyre, ananditsinzinira diso n'kunena kuti iye amachita kupempha malo amenewa, chifukwa zala zinayamba nyamakazi.

Zimene zinachitika pansanja paja sindidziwa ngati zili ndi dzina. Magitala khumi ndi atatu, mitu yake ikugundana. Oimba ng'oma awiri pa ng'oma za munthu mmodzi, wina atakhala, wina ataima kumbuyo kwake n'kumamenya zimene mnzake wasiya. Madoda atatu pa maikolofoni imodzi, masaya atagundana. Wina anafunsa kuti tikuimba mu kiyi yanji, a Makwinja n'kuyankha kuti tikumana kutsogolo. Nyimbo yake inali yachizungu, ija imene aliyense amadziwa poyambira pake koma palibe amene amadziwa mawu ake onse. Ndime yoyamba itatha, atatu aja anayamba kupeka Chingerezi chawochawo, ndipo wina anatherapo n'kuyamba kutchula mayina a masiteji a minibasi kuchokera ku Zomba mpaka ku Limbe. Matabwa aawisi aja ankanjanja. Anthu pansi ankavina ngati zonsezi zinakonzedwa dala.

Ine ndinayamba mwaulemu, nditaima kumbuyo, ndikugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene akumvetsera ulaliki. Ndinakanda nsambo kamodzi. Sipanamveke kanthu. Ndinakandanso mwamphamvu, koma zii. Pamenepo mtima unakhala pansi, ndipo ndinazindikira kukoma kwa gitala yosamveka: sulakwitsa. Ndinayang'ana kutsogolo n'kuona amake Tadala akundiloza kwa anzawo a kwaya, nkhope ili ngwee. Chimwemwe chimene ndinamva pamenepo chinali chenicheni, ngakhale kuti chinamera pa bodza.

Kuyambira apo satana anandilowa. Ndinasuntha phazi limodzi kutsogolo. Kenako lina. Ndinakumbukira zonse za ambulera zija. Ndinakwinya nkhope ngati ndaluma tsabola, ndinaweramira kumbuyo, ndinagundana msana ndi mkulu wa nyamakazi uja, tonse awiri osamveka koma thukuta lili kamukamu. Nthawi imeneyo n'kuti Che Bwanali atalowa pakati, gitala yawo ikulira yokha pamwamba pa zonse, ndipo ine ndinkayendetsa zala motsatira kulira kwake, moti ana ena a ku Chirunga anayamba kuloza ine. Chifunga chinayamba kutsika m'mitengo, monga chimachitira paphiri paja. Ndinapita mpaka kumapeto kwenikweni kwa nsanja, n'kugwada ndi mawondo onse awiri (thalauza linali la ku ofesi, linadandaula), n'kutsinzina.

Chimene sindinadziwe n'chakuti ulendo wonsewo ndinkakoka chingwe. Chinasololoka kunsi kwa kapeti n'kumanditsata pambuyo ngati mchira, kachitsulo kakumapeto kali gwederegwedere pamatabwa. Anthu mazana aja palibe amene anachiona, kupatula munthu mmodzi amene moyo wake wonse makina akangokhala chete amayamba wayang'ana chingwe.

Zotsatirazi anandifotokozera pambuyo pake ndi amayi a kwaya aja. Akuti amake Tadala ataona chingwecho anangoti, "Amuchitanso chipongwe," n'kumanga chitenje. Anazungulira m'mbali mwa nsanja, anakwera, anatola chingwe changa, n'kupita nacho pa ampu. Anapeza mabowo onse ali odzaza. Anaima pang'ono akuyang'ana zingwe zisanu ndi chimodzi zija, kenako anasankha chofiira, poti mwini wake anali ataimba masana onse ndipo kunali koyenera kuti apatseko anzake mpata. Anachizula n'kulowetsa changa.

Pa nthawiyo n'kuti ine ndikumenya nsambo zonse zisanu ndi imodzi ndi dzanja lonse, lamanzere likuthamanga chokwera ndi chotsika popanda chimene lagwira. Mwadzidzidzi gitala yokoma ija inazima, ndipo m'malo mwake munatuluka chinthu china m'masipika. Munamvapo chigayo chikameza mwala? Onjezanipo malata akudenga akusasuka ndi mphepo. Akhwangwala anauluka m'mitengo ya paini. Kamwana kena kanathawira m'chitenje cha amake.

Ine ndinapsa mtima. Ndinati ndani chitsiru chimene chikuononga nyimbo ya Che Bwanali? Ndinatsegula maso, manja akupitirizabe ntchito, n'kuyang'ana anzanga mmodzimmodzi ndi diso loipa kuti wolakwayo achite manyazi. Onse ankayang'ana ine, ndipo ndinaganiza kuti akugwirizana nane. Thukuta linandilowa m'maso, ndinakweza dzanja kuti ndipukute, phokoso lija n'kusiya. Ndinati bola wamva. Ndinabwezera dzanja pa nsambo, phokoso n'kuyambiranso. Ndinachotsa, linasiya. Ndinakhudza nsambo imodzi yokha ndi chala, ndipo phiri lonse linayankha.

Nkhongono zinazizira. Mwamwayi ndinali nditagwada kale.

Ndinayang'ana a Makwinja kuti aimitse nyimbo. Iwo anali atapindika ndi kuseka, koma manja awo sanasiye kuimba. Anasendera pa maikolofoni, kukankha madoda atatu aja, n'kulengeza kuti tsopano bwalo ndi la Mlembi. Lamulo lija linali litandipeza. A ng'oma awiri aja anatembenukira kwa ine n'kumadikira kuti anditsate. Wa gitala ya besi anasendera pafupi, khutu lili tcheru, kufunafuna kiyi imene ndinalimo, ndipo ndikhulupirira akuifunabe mpaka lero. Kuima sikukanatheka. Ndinamenya. Ndikamenya kamodzi, ng'oma zinkayankha kawiri. Ndikakwecha nsambo ndi chikhadabo, magitala asanu enieni aja ankakwechanso chimodzimodzi, ngati ndawaphunzitsa chinthu chatsopano. Ana a ku Chirunga anapenga nazo. Anathamangira kutsogolo akugwedeza tsitsi, wina akukuwa kuti roko yeniyeni ndi imeneyi, zinazi zinali za kutchalitchi.

Che Bwanali anali atagwedeza gitala yawo, kuimenya pang'ono kumbuyo, kuiika pakhutu. Atatsatira chingwe chofiira ndi maso n'kuchiona chili pansi, sanakwiye. Anabwera n'kugwada pambali panga, n'kuyamba kukwinya nkhope ndi kuyendetsa zala motsatira phokoso langa, monga mmene ine ndinkachitira ndi nyimbo yawo. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi pa udzu wonyowa.

Ndikanatha kusangalala nawo. Koma ndinacheuka, ndipo ndinaona amake Tadala ataima pa ampu, dzanja likadali pa chingwe changa. Kumwetulira kuja kunali kukuchoka pang'onopang'ono. Ana asukulu akhoza kunamizidwa, koma munthu wa kwaya amadziwa kusiyana kwa woimba amene waiwala ndi munthu amene sanadziwepo. Anayang'ana zala zanga, kenako nkhope yanga. Ndinaona ndi maso angawa nthawi imene anazindikira. Pa zonse za tsiku limenelo, chimene chimandiwawabe ndi chimenecho.

Ndinayembekezera kuti azula chingwe, kapena atsika n'kumapita. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anachisiya chili cholumikiza, anatsika, anapita kutsogolo kwenikweni pakati pa ana atsitsi aja, n'kuyamba kuvina. Momwe anapezera povinira m'phokoso limenelo sindidziwa. Anaimba nthungululu, anzawo atatu aja n'kuwatsatira, poti mnzako akalowa m'bwalo sumusiya yekha. Anavina osandiyang'ana mpaka a Makwinja anakweza gitala m'mwamba, tonse n'kumenya komaliza, aliyense pa nthawi yakeyake. Nyimbo inatha katatu isanathe kwenikweni.

Potsika pansanja Che Bwanali anandigwira dzanja ndi manja awo awiri. Anati ayenda maiko ambiri, aimba ndi anthu amitundumitundu, koma zoterezi sanazimvepo. Kenako anasendera pakhutu panga n'kunena mwaulemu kuti ndisadzabwerezenso. Ana awiri a ku Chirunga anandifunsa ngati ndimaphunzitsa. Mkulu wina wa ku ofesi kwathu anangondiyang'ana malaya kuyambira kukolala mpaka m'chiuno, n'kunena kuti tionana Lolemba.

Amake Tadala anatsanzikana ndi anzawo, n'kuwauza kuti akwere lole, ife titsika wapansi. Tinalowa njira yachidule ija ya anthu onyamula nkhuni, iwo patsogolo, ine pambuyo. Dzuwa linali likadalipo, tawuni yonse ikuoneka kumunsi, madenga a ku Mtiya akunyezimira. Tinayenda mtunda wautali. Ndinkangomva nsapato zawo. Pamalo ena pali mwala waukulu pamene onyamula nkhuni amapumira, ndipo iwo anakhala pamenepo n'kundiyang'ana. Ndinafotokoza zonse, kuyambira kwa wojambula uja. Sanandidule mawu.

Nditamaliza anafunsa za mkono. Ndinati ulibe vuto. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti ndiye kuti nkhuni zonse zimene akhala akuwaza okha kuseri kwa nyumba zija, ankawazira munthu wa manja awiri abwinobwino. Ndinavomera. Ndinawafunsa chifukwa chake anavina m'malo mozula chingwe.

"Ndinalumikiza ndine," anatero. "Ndikanazula, anthu akanati mkazi wake yemwe wamukana."

Ndinasowa poyang'ana. Iwo anatola katsamba ka paini n'kumakathyolathyola.

"Gitala ine ndilibe nayo ntchito, bambo a Tadala. Chikundiwawa n'chakuti zaka zonsezi mwakhala mukuganiza kuti popanda iyo sindikanakulolani. Munandiyesa munthu wotani?"

Misozi inalengeza, ine bambo wamkulu wa malaya ofiira. Patapita kanthawi ndinalimba mtima n'kufunsa ngati akanandiloladi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kuopa.

"Munkalemba makalata okoma," anatero. "Komanso munali pa ntchito ya boma. Tiyeni, kukuzizira."

Anaimirira n'kundipatsa chikwama chawo kuti ndinyamule, ndi dzanja lamanzere. Tisanafike kumunsi anayamba kuseka okha, kaya anakumbukira akhwangwala aja kaya Che Bwanali akugwedeza gitala, ndipo anaseka mpaka kugwira mtengo. Nanenso ndinaseka, koma mosamala.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo, ndipo mbali ina ndinaphunziradi. Nkhwangwa yakunyumba inakhala yanga kuyambira Lolemba lotsatira, ndipo mpaka lero sindinawanamizenso amake Tadala pa chinthu chachikulu. Koma munthu sasintha yense. Anyamata atsopano akabwera ku ofesi, kapena alendo akacheza kwathu nkhani ya nyimbo n'kuyambika, ndimapezeka ndanena kuti ine ndinaimbapo paphiri ndi akatswiri onse a nthawi imeneyo, ndipo Che Bwanali eni ake anandigwadira pambali ine ndili mwini bwalo. Mulibe bodza ngakhale limodzi mmenemo. Ndinangophunzira poyambira nkhani ndi posiyira.

Kungoti amake Tadala akakhala pafupi, ndimayamba ndawayang'ana. Iwo sakweza n'komwe mutu pa makina awo. Mlendo akawafunsa ngati n'zoona, amaluma ulusi, n'kunena kuti n'zoona, analipo, ndipo bambo a Tadala anamveka kuposa wina aliyense. Akatero amandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo ine ndimadzuka kukaika madzi a tiyi.